Chithunzi cha Diso Lakumanja

Kapondo, Mchinji
5 Febuluwale 2023

Luwiza mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Ine ndilipo. Kalatayi ndapatsira Kwacha wa lole uja, akuti adutsa kwanuko sabata yamawa. Za foni usandifunsenso. Ndinaitsekera m'sutikesi ya mayi ako. Tizilembo take n'tating'ono ngati nsabwe, ndiponso kumalire kuno ukangoiyatsa imakulonjera kuti takulandirani ku Zambia, ngati munthu wasamuka. Amene ali ndi mawu alembe, asaine dzina lake pansi.

Fodya wachita bwino chaka chino. Tayamba kuthyola wam'munsi, zigafa zikudzaza. Amalume ako a Greyson alima maekala awiri, ndipo monga mwa chaka chilichonse akudikira ine kuti ndidzawasankhire. Mudzi wonse ukudikira ine. Sukulu ya zaulimi sindinapiteko, ndinaphunzira ndekha pa esiteti ndili tenanti, koma zaka makumi atatu belo losankha ine silinabwezedwepo ku okushoni.

Tsopano tamvera. Diso langa lakumanzere lachita nkhungu. Linayamba chaka chatha. Ndikatseka lakumanja, nkhope ya munthu imasowa pakati, ndimangoona makutu. Nesi wa kumene ndimatenga mankhwala a shuga akuti ndi shugayo. Ndinamufunsa kuti shuga wa m'magazi akafika bwanji m'diso, anangoti pitani ku Lilongwe. Iwe umagwira ntchito kuchipatala cha maso, undiuze zoona, usandinyengerere ngati mwana.

Koma nkhaniyi isafike kwa amalume ako, ngakhale kwa akazi awo a Rozi. Ukudziwa kuti pano ndine mkamwini. Kwathu ku Ntcheu ndinachoka 1986, onse amene ankandidziwa ali kumanda. Mayi ako atamwalira ndinadikira kuti andisudzula, andiuze kuti ukwati watha, bwererani kwanu. Zaka zitatu zadutsa sanatero. Usaganize kuti n'chikondi. Akusunga maso angawa. Tsiku limene adzamve kuti sindisiyanitsa tsamba lofiirira ndi lachikasu, nyumbayi adzapatsa mphwawo amene akukwatira uja, ine n'kukwera basi yopita kumene kulibe wondidziwa. Undilonjeze.

Madzulo ndimakhala pakhonde ndi wailesi. Alamu anga onse amadutsa n'kupereka moni, palibe amene amakhala pansi. Undilembere za kumeneko, ngakhale za nyengo. Ulembe zilembo zazikulu.

Ndine bambo ako,
Fanuel


Johannesburg
24 Febuluwale 2023

Ababa,

Muli bwanji? Ine ndili bwino, ntchito basi. Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Ndalonjeza, sindiuza munthu, ngakhale sindikugwirizana nazo. Amalume si mmene mukuwaganiziramu.

Mwati ndikuuzeni zoona. Kumbuyo kwa diso, mkati, kuli kansalu kopyapyala kamene kamalandira kuwala. M'kansaluko muli timitsempha ta magazi, tina toonda kuposa tsitsi. Shuga akakhalitsa amatitseka kapena kutibowola, ndiye malo amene sakufika magazi amafota. Nesi uja sananame.

Ntchito yanga tsiku lililonse ndi kujambula timitsempha timeneti. Makina ake sakhudza diso. Mumaika chibwano pa kachitsulo n'kuyang'ana kamtanda kobiriwira. Kuwala kofooka kumalowa m'diso n'kujambula malo amodzimodziwo kangapo mofulumira kwambiri. Chimene chakhala chete makina amachisiya, chimene chasuntha amachilemba, ndipo chosuntha m'menemo ndi magazi okha. Pamapeto pamatuluka mapu oonetsa njira zonse zimene magazi akudutsa, ndi malo amene asiya kudutsa. Kale ankayamba abaya utoto pamkono kuti mitsempha ioneke. Awa safuna jakisoni, ndiye musayambe zokana.

Ndapeza chipatala china ku Lilongwe chimene chili ndi makina otere. Ndalankhula nawo, akukuyembekezani Lachinayi pa 16 Malichi, 9 koloko m'mawa. Dzina la malowo ndi njira yake ndalemba kuseri kwa pepalali. Kwa amalume munganene kuti mukukatenga mankhwala. Adzakudonthezani mankhwala m'maso, muziona mbuu kwa maola angapo, si matenda. Akajambula adzanditumizira zithunzizo pa kompyuta. Chachikulu, Ababa, mudikire dokotala. Ndikukudziwani. Mzere ukatalika musanyamuke.

Kuno kukugwa mvula yamatalala. Chipinda changa chayang'ana ku msewu wa mataxi, phokoso tsiku lonse, koma Chichewa ndimachimva pokhapokha Kwacha akabwera. Lamulungu lapitali ndinadzipeza ndikuyankhula ndekha pochapa, kuti lilime lisaiwale.

Mwana wanu,
Luwiza


Kapondo
19 Malichi 2023

Luwiza,

Moni. Ndinapita, usati sindimva. Ndinadzuka nkhuku zisanatsike, kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka mu Lilongwe. 9 koloko inandipeza pa benchi.

Makina ako ndawaona. Ndivomere, amene anawapanga anaganiza. Diso lakumanja kamtanda kaja ndinakaona bwinobwino. Lakumanzere ndinakasaka osakapeza. Mtsikana wojambulayo n'kuyamba kukuwa, "Agogo, yang'anani kutsogolo! Agogo, musaphethire!" Ndinamuuza kuti mayi, ndabwera ndi vuto la maso, makutu ndinawasiya ali bwino, ndiponso sindine agogo anu. Anthu pa benchi anaseka, iye anakwiya.

Atatha anati dikirani adokotala, ali ku opaleshoni. Ndinadikira. 11 koloko, 12, 1. Maso ali mbuu ndi mankhwala aja, njala, ndipo aliyense wolowa atavala taye ankadutsa patsogolo panga. Kumudzi ndinasiya fodya wa anthu atatu atatsitsidwa kale m'chigafa. Fodya wotsitsa sadikira, akauma amafumbutuka m'manja. 2 koloko itakwana ndinaimirira, ndinatenga mapepala anga awiri patebulo, popeza maso ake ndi anga, n'kutuluka. Mtsikana uja anandithamangira mpaka pageti. Ndinamuuza kuti adokotala akandifuna andipeza ku Kapondo.

Usakwiye, chifukwa dokotalayo sakanandiuza chachilendo. M'mawa mwake ndinakhala pakhomo la chigafa, pamene pamagwa kuwala koyera kamene ndimasankhirapo fodya, n'kutenga galasi langa lokulitsa lija. Luwiza, bwanji sunandiuze kuti diso mkati mwake ndi tsamba? Mitsempha ikuluikulu, kenako nthambi, kenako timitsempha tolukana. Zimenezi ndaziyang'ana moyo wanga wonse.

Pepala la kumanzere ndi tsamba lowonongeka. Muli zigamba zakuda, mitsempha ikungothera panjira ngati yadyedwa. Likanakhala fodya ndikanaliponya ku sikirapu. Limenelo ndalitaya, sindilira.

Koma la kumanja! Pamene mitsempha yonse imakumanirana pamera chitsamba cha timitsempha tatsopano, tothithikana, topotana ngati mizu ya mbande yabwino ya ku nazale. Zigamba zakuda zilipo m'mbali, koma zochepa. Tsamba lamphamvu limadziwika ndi mitsempha, ndipo mbewu ikamatulutsa mizu yatsopano ndiye kuti yagwira. Diso limeneli likudzikonza lokha. Ndalipatsa giredi yoyamba. Ndinaseka ndekha m'chigafamo mpaka a Rozi anasuzumira kufunsa ngati ndalandira uthenga wabwino. Ndinati eya, n'kubisa mapepala m'malaya.

Ndiye usavutike. Diso limodzi likwanira. Ndimalize kusankha, tidinde mabelo, msika ukatha mu Julaye ndidzapita kukamuona dokotala wakoyo, akadzakhala atatuluka ku opaleshoni.

Bambo ako,
Fanuel


Johannesburg
22 Malichi 2023

Ababa,

Kalata yanu sinafike, koma zithunzi zafika, ndipo achipatala andiuza kuti munathawa. Akuimbirani foni, ndakuimbirani inenso kakhumi. Tsegulani sutikesiyo!

Werengani bwino apa. Diso limene lili pangozi ndi LAKUMANJA. Ndaonetsa zithunzi kwa dokotala amene ndimagwira naye ntchito, wanenanso chimodzimodzi. Mukaona pepalalo mupeza timitsempha tambiri tothithikana malo amodzi. Timeneto si tabwino. Diso likasowa magazi limameretsa timitsempha tatsopano mwachisawawa, tofooka, topanda khungu lolimba. Timaphulika. Tikaphulika magazi amadzaza m'diso, munthu n'kuona mdima tsiku lomwelo.

Mankhwala alipo. Amawotcha ndi kuwala kotchedwa leza m'mbali mwa kansalu kaja, timitsemphato n'kufota tokha. Si opaleshoni, mubwerera tsiku lomwelo. Koma ndi za sabata ino kapena yamawa, osati mwezi wamawa. Akuti mukafika tsiku lililonse akulowetsani osaima pamzere. Pakadali pano musanyamule zolemera, musakankhe jeke yodindira mabelo.

Usiku wathawu ndinatenga foni kuti ndiimbire amalume, ndinaibweza. Ndinakulonjezani, ndipo ndikudziwa kuti ndikaphwanya simudzandilemberanso. Kwacha akunyamuka mawa. Chonde, Ababa, kamodzi kokha mverani munthu wina.

Luwiza


Kapondo
16 Epulo 2023

Luwiza,

Moni mwana wanga. Kalata yako Kwacha anabweretsa pa 3. Zonse ndamva. Ndikudziwa kuti wakwiya chifukwa cha mtsikana wa ku Lilongwe uja. Umuuze kuti ndapepesa, ngakhale anayamba ndi iye.

Kuno ntchito yakula. Msika watsegulidwa, aliyense akufuna mabelo ake apite msanga. Ndamaliza wa anthu asanu, watsala wa amalume ako. Anyamata a masiku ano sadziwa kudinda, amasiya belo lofutukuka ngati pilo, ndiye jeke ndikugwira ndekha.

Utsi wachuluka chaka chino. Ndikuona timadontho takuda tikuyandama, ndi fumbi la fodya basi. Inki ya cholembera chako ndi yofooka, ugule china.

Wailesi yafa. Madzulo ndikumangokhala. Undilembere za kumeneko.

Bambo ako


Kapondo
2 Meyi 2023

Luwiza, mwana wa mlongo wanga,

Ndine malume ako Greyson. Tili bwino, kupatula zimene ukudziwa. Pa foni paja sindinathe kunena zonse chifukwa alamu anga, bambo akowo, anali pafupi, ndipo makutu awo ndi akuthwa kuposa kale.

Unanena kuti utaona kalata yawo yomaliza, mizere itakwerana, yankho losagwirizana ndi zimene unalemba, unadziwa kuti yako sanawerenge. Unalondola. Koma foni yako inachedwa masiku awiri. Lachinayi m'mawa tinali kudinda belo langa lachitatu. Alamu anakankha jeke, n'kuima, n'kufunsa kuti ndani watseka chitseko cha chigafa. Chigafa chilibe chitseko, Luwiza. Anakhala pansi pa chiguduli, anapukuta maso ndi malaya, n'kunena kuti, "Greyson, ndigwire dzanja." Chibwerereni m'mudzi muno sanandiitanepo dzina lopanda ulemu, ndipo sanapemphepo kanthu.

Kalata yako tinaipeza m'thumba la jekete lawo, yofewa ndi kupindidwa. Akuti ankaitulutsa tsiku lililonse pakhomo la chigafa ndi galasi lawo, zilembo zikungosambira. Anatha kuwerenga mawu akuti Ababa, ndi dzina lako kumapeto. Masabata atatu akuyenda nayo. M'nyumba mwanga muli anthu anayi odziwa kuwerenga, mtunda wake woponya mwala.

Tsopano ndikuuze chimene ifenso tinalakwa. Za maso awo tinadziwa chaka chatha. Azakhali ako a Rozi ndi amene anaona kuti m'milu ya alamu masamba obiriwirira akusakanikirana ndi ofiira. Tinakhala pansi ngati banja. Wina anati tiwauze. Tonse tinayang'anana, ndani akayambe, ukudziwa pakamwa pa bambo ako. Ndiye tinagwirizana kuti azisankha monga kale, akapita kukapuma masana a Rozi ndi amayi ena azibwereza mwakachetechete. Eni fodya onse a m'mudzi muno akudziwa. N'chifukwa chake mabelo sanabwezedwe. Tinkati tikuwasungira ulemu. Pakhonde pawo tinasiya kukhala poopa kuti wina pakamwa padzaterereka.

Za kusudzula unandiuza pa foni zinandipweteka. Munthu anaika mlongo wanga m'manda ndi manja ake, anamanga theka la zigafa za mudzi uno, tikamuthamangitsire kuti? Mwambowo sitinachite chifukwa tinkaopa kuti aganiza kuti tikuwapirikitsa. Nawonso ankadikira tsiku lopirikitsidwa. Zaka zitatu.

Dzulo ndinapita nawo ku Lilongwe. Makina aja alephera kujambula diso lakumanja, akuti magazi atchinga kuwala. Dokotala akuti mwina akhoza kuwachotsa ndi opaleshoni, koma sakulonjeza kuti adzaona bwanji. Lakumanzere aliwotcha ndi leza kuti pang'ono pamene patsala pasapite. Tibwererenso pa 23.

Pobwera m'minibasi ndinawauza zonse za a Rozi.

Malume ako,
Greyson


Kapondo
7 Meyi 2023

Luwiza,

Akulemba ndi a Rozi, mawu ndi anga. Ndawauza kuti alembe chilichonse mmene ndanenera, ndipo Kwacha adzandiwerengera asanamate envelopu, chifukwa anthu a nyumba imeneyo ndawadziwa tsopano kuti amakonza zinthu munthu akatembenuka.

Moni. Ine ndilipo. Kumanja ndikuona ngati ndayang'ana m'botolo la tiyi wopanda mkaka. Kumanzere ndimaona m'mbali, moti nkhuku ikadutsa ndimadziwa kuti chadutsa chinthu.

Ndinakwiya nawe masiku anayi chifukwa unaphwanya lonjezo. Tsiku lachisanu ndinakwiya chifukwa unachedwa kuliphwanya. Lero ndatopa, ndilibe wokwiyira wina koma mwini wake. Kalata yako a Greyson andiwerengera. Pepala lija ndinalipatsa giredi yoyamba, dokotala akuti linali loipitsitsa mwa awiriwo. Ndinamufotokozera za mizu ya mbande. Sanaseke. Anati aka n'koyamba kumva zimenezo, n'kufunsa kuti fodya wabwino amadziwika bwanji. Ndinamuuza. Ndi munthu womva, akanangotuluka msanga tsiku lija.

Za amayi obwereza ntchito yanga, a Rozi lembani, musadumphe. Kundithamangitsa kukanakhala bwino. Nyengo ziwiri ndakhala pachigafa ngati chidole choopsezera mbalame, ndikukalipira anthu kuti sadziwa fodya, iwo akuti inde bambo, kudikira kuti ndikagone. Ndinkadabwa kuti bwanji palibe amene akutsutsana nane masiku ano. Ndinkati andiopa. Munthu ukamakalamba anthu n'kusiya kukutsutsa, dziwa kuti watsala wekha.

Lachitatu ndinaitanitsa banja lonse pabwalo la nyumba ino. Ndinati ntchito yanga yatha, ndisudzuleni, ndipite. Amalume ako anati mupita kuti. Ndinati kwathu. Anati tchulani dzina la munthu mmodzi amene akakulandireni pa depoti ku Ntcheu. Ndinawerenga mayina mumtima, onse ali kumanda. Anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi, ndinamva mapazi okha. Kuyambira tsiku limenelo madzulo pakhonde pamabwera munthu kudzakhala. Akusinthana, ndawazindikira, lero uyu mawa uyu ngati odikirira wodwala kuchipatala. Dzulo anabwera mphwawo wokwatira uja, tinakangana za mpira ola lathunthu. Iyeyo ndiye ndamulola kuti azibwera.

A Rozi akulira, akunyowetsa pepala. Pukutani, mayi, tisamalize mawa.

Chimene ndalembera ndi ichi. Chipitireni iwe ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi sindinakuuzepo kuti bwera. Ngakhale pa maliro a mayi ako ndinati ukangoika ubwerere, ntchito ingathe. Tsopano ndikuti bwera. Pa 23 ukhale ulipo. A Greyson amayenda mothamanga, ndipo dzenje lililonse amalilengeza mokuwa kuti Lilongwe yense amve kuti kukubwera wakhungu. Ndikufuna pamene azindiika pa makina pakhale munthu amene akaona chithunzicho andiuza zoona nthawi yomweyo, ngakhale zikhale zoipa.

Akuti pambuyo pa opaleshoni ndidzakhala ku Lilongwe masabata awiri, kwa mwana wa a Greyson ku Area 25. A Rozi apempha kiyi wa nyumba kuti azisesamo ndi kutsegula mawindo. Ndawauza kuti fumbi silinaphepo munthu. Kiyi ndikupita naye, ndamumangirira kale pa lamba.

Ndine bambo ako,
Fanuel